Msuzi wokha sukulitsa mwana

Kuno ku Mchinji nsomba yaiwisi timaipatsa ulemu ngati mlendo wochokera kutali, ndipo imachokeradi kutali. Chambo chikavuulidwa ku Senga Bay m'boma la Salima, chimayenda makilomita oposa 200, kudutsa mu Lilongwe, chisanafike pa Kamwendo kapena pa Boma. Paliponse pomwe chatsika ndi kukweranso galimoto, mtengo nawo umakwera. N'chifukwa chake tsiku lomwe pakhomo pagulidwa chambo, kapena makumba a padamu, ngakhale aneba amadziwa kuti kwa ujeni lero zinthu zili bwino.

Koma taonani mmene nsombayo imagawidwira ikapsa. Mutu ndi chapakati zimapita kwa bambo. Kumchira kumapita kwa mlendo kapena achimwene aakulu. Mayi amatolera zotsalira mu poto. Nanga mwana wa chaka chimodzi uja? "Ameneyo mungomupatsa msuzi, angabayidwe ndi minga." Amamunyenyera kansima, n'kuthira timadzi tofiira pamwamba, basi yatha. Tonse timakagona tikunena kuti lero banja ladya nsomba, chonsecho amene thupi lake likuifunitsitsa wangoinunkhiza.

Sabata ino ndikufuna tiphike nsomba ya mnofu woyera m'njira yoti minga isakhalenso chonamizira. Ndikati ya mnofu woyera ndikunena chambo, makumba, chilunguni, ngakhalenso ija anzathu a ku Chipata amaitcha bream, yomwe yambiri imawetedwa m'zikwere pa nyanja ya Kariba. Zonsezi ndi za banja limodzi, ndipo kaphikidwe kake n'kofanana.

Muli chiyani mu mnofu woyerawu?

Tiyambe ndi mapuloteni, omwe kusukulu tinkati zakudya zomanga thupi. Magalamu 100 a mnofu wa chambo chosaphika amakhala ndi magalamu pafupifupi 20 a mapuloteni, pomwe mafuta ake safika ngakhale magalamu 2. Chikapsa madzi amachepa, ndiye m'magalamu 100 omwewo mumapezeka mapuloteni okwana magalamu 26. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Werengani nokha: ndi mazira anayi amenewo. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zitatu amafunika magalamu pafupifupi 13 a mapuloteni patsiku, kutanthauza kuti masupuni akuluakulu atatu kapena anayi a mnofu wa nsomba yophika amamufikitsa pomwepo.

Wina anena kuti mesa nsima nayonso ili ndi mapuloteni. Ilidi nawo, koma ndi operewera. Mapuloteni ali ngati khoma lomangidwa ndi njerwa zamitundumitundu, ndipo chimanga chimasowa njerwa ina yofunika yotchedwa lysine. Nsomba ili nayo yambiri. Mukaphatikiza nsima ndi mnofu wa nsomba, thupi limagwiritsa bwino ntchito zonse ziwiri.

Mulinso vitamini B12, yemwe amathandiza kupanga magazi ndi kusamala mitsempha ya ubongo. Ameneyu simungamupeze mu nkhwani, mu nyemba kapena mu mtedza. Amapezeka mu zakudya zochokera ku nyama basi. Muli vitamini B3, amene akasowa m'thupi la munthu wodalira chimanga chokhachokha khungu limathetheka ndi matenda a pelagra. Muli fosifolasi wolimbitsa mafupa. Ndipo muli seleniyamu, kamchere kofunika pang'ono chabe koma kothandiza chitetezo cha m'thupi. Akatswiri a ku LUANAR ku Bunda pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Nottingham ku Britain anapeza kuti chimanga cholimidwa m'madera ambiri a dziko lino chili ndi seleniyamu wochepa chifukwa cha mtundu wa dothi lathu. Ife okhala kumtunda, kutali ndi nyanja, nkhani imeneyi ikutikhudza.

Tsono funso n'lakuti, mwa zonsezi, n'zingati zomwe zimalowa mu msuzi? Zochepa kwambiri. Mu msuzi mumapita mchere, mafuta, kakomedwe ndi timavitamini pang'ono tosungunuka m'madzi. Mapuloteni ambiri amatsalira mu mnofu momwemo. Mwana wodya nsima ya msuzi amakhuta, amagona bwinobwino osalira, koma thupi lake silinalandire zomangira.

Boma la mtedza, ana opinimbira

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo Mchinji inali m'gulu la maboma omwe vutoli linali lokwera kuposa pamenepo. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa boma lino si la njala. Timalima chimanga, soya, mbatatesi, ndipo mtedza wathu unafika mpaka m'masitolo a ku Britain kudzera mu bungwe la alimi la MASFA. Chakudya chilipo. Chovuta n'chakuti chomwe chimafika m'mbale ya mwana ndi phala loyera m'mawa, nsima ya msuzi masana, nsima ya msuzi madzulo.

Kupinimbira si kufupika kwa kumtundu ayi. Ndi chizindikiro choti thupi ndi ubongo sizinalandire zokwanira pa nthawi yomwe zimakula mofulumira, makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zomwe zatayika pa nthawi imeneyi n'zovuta kuzibwezeretsa, ndipo zimadzaonekera m'kalasi ndi pa ntchito. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Kusikelo alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Bungwe la WHO nalo limati mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, pamwamba pa bere azilandira chakudya chochokera ku nyama, monga nsomba, dzira kapena nyama imene, tsiku lililonse. Ambiri mwa inu amene mukuwerenga izi pa foni muli ndi mwana woyamba, kapena mukulera wa achemwali anu. Nkhaniyi ndi yanu.

Pogula, tsegulani maso

Nsomba yoyenda ulendo wautali imafuna wogula watcheru. Maso ake akhale owala ndi otukumuka, osati olowa m'kati ngati a munthu wodwala malungo. Tukulani chivindikiro cha m'mbali mwa mutu muone makha: akhale ofiira, osati otuwa kapena oterera. Dinani mnofu ndi chala. Ukabwerera msanga ndiye kuti ili bwino, koma chala chikasiya dzenje, isiyeni. Mimba yophulika ndi fungo loboola mphuno, musachite kufunsa. Ngati ndi ya mufiriji, onani kuti ndi youma gwa, yopanda madzi amagazi oundana pansi pa pepala, chifukwa amenewo amasonyeza kuti inasungunukapo n'kuumitsidwanso.

Chinanso, musagule nsomba ya zilonda. Mukukumbukira kuti mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka koyamba m'Malawi muno kuno ku Mchinji komwe, m'dera la mtsinje wa Bua, mpaka boma linaimitsa kaye malonda a nsomba za m'deralo. Nsomba ya mabala ofiira pakhungu si ya mu poto, ngakhale akutsitsireni mtengo chotani.

Ine ndikapeza makumba kapena chilunguni cha padamu la mlimi wa konkuno, ndimasankha chimenecho. Nsombayo yavuulidwa m'mawa womwewo, ndalama yatsala m'boma momwe muno, ndipo m'thupi imagwira ntchito yofanana ndi chambo cha ku Mangochi. Pajatu chambo cha m'nyanja chikutha: mu 2018 bungwe la IUCN linachiika m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Ndiye mukaona kasawala, tiana ta chambo tija, kapena chambo chambirimbiri chotchipa mu Novembala ndi Disembala pomwe nyanja ili yotseka kuti nsomba ziswane, dziwani kuti mukugula ndiwo za adzukulu anu.

Chifukwa chake sitikazinga lero

Ndikudziwa, chambo chokazinga mpaka kuuma ngati thabwa, ndi tchipisi pambali, ndiye chomwe chimaoneka bwino pa WhatsApp. Sindikuletsa, tsiku lina lake. Koma kukazinga m'mafuta ambiri kumasandutsa nsomba yopanda mafuta kukhala chinkhupule cha mafuta, makamaka akakhala aja obwerezabwereza akuda bii. Komanso kumaumitsa mnofu n'kuumatirira ku minga, ndipo timinga tating'ono timathyokathyoka n'kubisala. Nsomba yotereyi ndi imene imavutadi kupatsa mwana. Yophikidwa m'madzi ochepa pamoto wodekha, mnofu wake umachoka wokha pa fupa.

Lero tiphika chambo chotendera. Ena mwayamba kale kuseka: "Aaa, nsomba yaiwisi n'kutendera? Mesa timatendera mlamba wowamba ndi usipa wouma?" Tayesani kaye. Nsinjiro imabweretsa mafuta abwino omwe nsomba yoyera ilibe, imawonjezera mapuloteni, ndipo imachulukitsa ndiwo moti nsomba imodzi imakwanira anthu anayi kapena asanu.

Zofunika ndi izi: chambo chimodzi chachikulu kapena makumba atatu apakatikati, tomato atatu akupsa bwino, anyezi mmodzi, adyo pang'ono ngati mumamukonda, ndimu imodzi, nsinjiro theka la kapu, mafuta ophikira masupuni awiri, madzi makapu awiri, mchere wa ayodini, ndi kambuzi wa akuluakulu. Mcherewo ukhaledi wa ayodini, chifukwa nsomba za m'madzi opanda mchere ngati athuwa zili ndi ayodini wochepa poyerekeza ndi za m'nyanja zamchere.

Pa nsinjiro ndiimepo pang'ono. Sinjani nokha ngati mungathe, ndipo musankhe mtedza wake, kaya ndi Chalimbana kaya CG7. Tayani wofota, wobooka, wosintha mtundu ndi wowawa. Mtedza wa chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto wa pa mbaula. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino kwa mavenda n'kusiya wotsalira pansi kuti ukhale wa nsinjiro ya pakhomo, n'kudzipweteka tokha.

Kaphikidwe kake

Palani mamba kuyambira kumchira kupita kumutu. Tumbulani, chotsani zam'kati ndi makha, ndipo mukhule kachikopa kakuda ka m'mimba chifukwa kamawawitsa msuzi. Tsono tengani mpeni wakuthwa mucheke mbali zonse ziwiri za chipsepse cha pamsana, n'kuchizula chonse ndi mizu yake. Chitaninso chimodzimodzi ndi chipsepse cha pansi chakumchira. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa minga yambiri yomwe imasochera mu ndiwo imachokera ku mizu ya zipsepsezi. Ambiri timangodula zipsepse pamwamba ndi sizasi, mizu n'kutsala m'kati.

Tsukani ndi madzi oyera, dulani zidutswa zitatu kapena zinayi, finyirani ndimu, ndipo muzisiye kwa mphindi khumi. Mchere musathire kaye. Mpeni, thabwa ndi manja zomwe zakhudza nsomba yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanagwire china chilichonse.

Ikani mafuta mu poto yotakasuka pansi. Kazingani anyezi mpaka afewe, onjezani adyo ndi tomato, muvundule mpaka tomatoyo aphwanyike. Sungunulani nsinjiro m'kapu imodzi ya madzi ozizira kuti isachite mibulu, thirani mu poto, onjezani madzi otsalawo. Ziwire pamoto wochepa kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mukuvundula kuti zisapserere, mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe ndipo timafuta tiyambe kuoneka pamwamba. Nsinjiro imafuna nthawi yambiri kuposa nsomba, n'chifukwa chake imayamba ndiyo.

Tsopano yalani zidutswa za nsomba mu msuziwo, osazisanjikiza. Vindikirani. Ngati muli pa mbaula, phulani makala ena kuti moto udekhe. Msuzi uzingobwata pang'onopang'ono. Kuyambira apa mthiko upume. Mukafuna kuti zisagwire pansi, gwirani poto ndi kansalu n'kuigwedeza. Pakatha mphindi zisanu ndi ziwiri tembenuzani mosamala kamodzi kokha, mudikirenso zina zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo pang'ono ngati zidutswa zili zonenepa. Yapsa pamene mnofu wayera mpaka pa fupa ndipo ukugawanika wokha mukaukhudza ndi foloko. Pa fupa pakaoneka kofiirira, ibwezereni pamoto.

Musanathire mchere ndi tsabola, patulani gawo la mwana: chidutswa chakumchira ndi masupuni angapo a msuzi wotendera. Mwana wosakwana chaka safunika mchere wowonjezera, impso zake n'zanthete. Mukatero thirani mchere ndi kambuzi wanu mu poto ya akuluakulu, iwirenso mphindi ziwiri, phulani.

Mbale ya mwana

Ubwino wa chambo ndi abale ake n'ngwakuti minga yake ili ndi malo odziwika. Pali fupa la pakati, nthiti zozungulira mimba, mizu ya zipsepse ija mwachotsa kale, ndi kamzere kafupi ka timinga chakutsogolo pafupi ndi mutu. Mnofu wa pamsana ndi wakumchira ndiwo wopanda zambiri. Sambani m'manja, khalani powala, osati mu mdima wa magetsi atazima. Nyamulani mnofu kuuchotsa pa fupa, muuike m'mbale ina, ndipo muufinye pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Chala chimamva munga womwe diso laphonya. Bwerezani kawiri. Ntchito yonseyi siposa mphindi zitatu, nthawi yochepa kuposa yomwe timathera pa kanema mmodzi wa pa TikTok.

Wa miyezi isanu ndi umodzi kufikira isanu ndi itatu, potani mnofuwo mpaka usalale, musakanize mu phala la mgaiwa lolimbirako kapena mu mbatata yofiira m'kati yophika. Wa miyezi isanu ndi inayi kupita m'tsogolo angathe kudya wonyenyanyenya ndi nsima yofewa. Ngati ndi koyamba kulawa nsomba kapena mtedza, yambani ndi pang'ono, chimodzi pa nthawi, mumuone. Akatuluka zidzolo, akatupa milomo kapena akavutika kupuma, thamangirani kuchipatala. Ndipo munga ukamuima pakhosi munthu, wamkulu kaya mwana, zomumezetsa mbamu yaikulu ya nsima zija zisiyeni, zimatha kuukankhira m'kati. Ukakana kutuluka ndi kutsokomola, kuchipatala ali ndi zida zochotsera.

Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa naye alandire chidutswa chenicheni. Iyeyu akudyera anthu awiri, ndiye zomupatsa mutu wokhawokha woti azitsopa zija zithe. Mutu ndi mafupa otsala musataye: wiritsani, sefani bwino ndi sefa, madziwo muphikire mbatatesi kapena masamba.

Pambali pa nsomba yathuyi ikani bonongwe, nkhwani kapena chisoso, nsima ya mgaiwa, ndi bango kapena papaya pomaliza. Mukawerenga mupeza kuti magulu onse asanu ndi limodzi akwana pa mkeka umodzi. Ngati mulibe firiji, phikani yokwana kudya tsiku lomwelo. Yotsala ya masana iwiritsidwenso mpaka ibwate musanadye madzulo, ndipo ya mwana ikhale yophikidwa kumene.

Chambo si mfumu ya zonse

Ndisakusiyeni ndi maganizo oti popanda chambo mwana sakula, n'kuyamba kukongola ndalama pa foni chifukwa cha ndiwo. Pa zinthu zina nsomba yoyera imagonja kwa tinsomba tomwe timatinyoza. Usipa, matemba ndi kapenta timadya zonse, mutu, mafupa ndi zam'kati, ndiye zimapereka kashiamu, ayironi ndi zinki wambiri kuposa mnofu wa chambo. Usipa ulinso ndi mafuta a omega-3 ochulukirapo, omwe amathandiza ubongo ndi maso. Masiku ano usipa ndiwo woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno, ndipo pa Waliranji, pa Kapiri kapena pa Mkanda simungausowe. Ukazingeni pang'ono popanda mafuta, sinjani, sefani, musunge ufawo m'botolo louma lotseka bwino. Supuni imodzi mu phala la mwana m'mawa uliwonse ndi ndalama yochepa yogwira ntchito yaikulu. Nsomba yoyera ibwere pomwe thumba lalola, usipa ugwirize masiku enawo.

Anyamata a ku jimu, inunso mwamva. Musanathamangire zitini zodula za ufa wa mapuloteni zomwe mukuziona pa intaneti, werengani magalamu 26 aja. Makumba awiri ndi nsinjiro akupatsani zomwe mukufuna, chenji n'kutsala.

Chovuta chenicheni sichili mu poto, chili pa mkeka. M'makomo ambiri wogawa ndiwo amatsata mwambo womwe anaupeza, ndipo mtengwa wachitsikana sangangodzuka n'kusintha magawo pamaso pa apongozi. Apa achimwene ndi pofunika inu. Mawu akachokera kwa bambo wa mwana kuti "chakumchirachi n'cha mwana, ine mundipatse mutu," palibe amene atsutse. Ndipo agogo akadandaula za minga, nkhawa yawo ndi ya chikondi, musawayankhe mwachipongwe. Atengereni mbaleyo muwaonetse: "Amayi, mingayi ndachotsa kale, tagwirani muone." Akaufinya okha mnofuwo n'kupeza kuti mulibe kanthu, mawa ndi iwowo amene adzakukumbutseni kupatula gawo la mdzukulu wawo musanathire tsabola.